Jumbo ya mbatatesi: kodi pulasitiki wochokera ku mbewu amawoladi?

Mukadzaima pachiwaya cha tchipisi pa Dedza boma kapena pa Lizulu, mudzasuzumire m'beseni momwe anyamata atsukiramo mbatatesi yoduladula. Madzi ake amakhala otuwa. Akakhazikika pang'ono, pansi pamatsala zoyera mbee ngati ufa wosefa. Madziwo amakhuthulidwira m'ngalande, tchipisi n'kuikidwa m'kajumbo kopyapyala, wogula n'kudya, kajumbo n'kutayidwa pomwepo. Zoyera zotsala m'beseni zija ndi sitachi, ndipo sitachi wa mtundu womwewo, wochokera ku chimanga kapena chinangwa, ndi amene mafakitale ena a ku Italy ndi ku Indonesia akupangira majumbo otha kuwola.

Nkhaniyi imandikhudza chifukwa kwathu, mbali ya ku Bembeke, timadalira nthaka. Chaka chilichonse pogalauza, khasu limatulutsa majumbo amene anakwiririka kalekale, ena akadali ndi mtundu wake. Aliyense woweta mbuzi anaonapo kapena kumvapo za mbuzi yowonda popanda matenda odziwika, yomwe poitumbula anapeza majumbo atapotana m'chifu. Tsono ndikamva kuti kuli pulasitiki wopangidwa kuchokera ku mbewu, mtima umafuna kungovomera. Koma nkhaniyi ili ndi mbali zingapo zomwe wogula sauzidwa, ndipo tikapanda kuzimvetsa tidzagula mtengo wokwera chinthu chomwe chidzatsalabe m'munda momwemo.

Pulasitiki aliyense tingamuyerekeze ndi mikanda yotungidwa. Pamakhala kanthu kakang'ono kamodzi, kosaoneka ndi maso, komwe kamalumikizidwa ndi kanzake kofanana nako, kambirimbiri, mpaka kupanga unyolo wautali kwambiri. Maunyolo amenewa akapiringizana ndiwo amapanga chinthu cholimba koma chopindika. Jumbo yomwe timaidziwa imapangidwa ndi polyethylene, ndipo mkanda wake ndi mpweya wotchedwa ethylene, wochokera ku mafuta ndi gasi zokumbidwa pansi. Njira yopangira polyethylene inapezedwa mu 1933 ndi akatswiri a kampani ya ICI ku England. Lero dziko lonse lapansi limapanga matani a pulasitiki pafupifupi 400 miliyoni pachaka, ndipo mwa zinyalala zake ndi maperesenti 9 okha amene amasungunulidwa n'kupangidwanso zinthu zina.

Nanga n'chifukwa chiyani jumbo siwola pamene phesi limawola? Apa ndiye pagona nkhani yonse. Kuwola ndi kudyedwa. Phesi likagwa pansi, mabakiteriya ndi nkhungu zimalizinga n'kutulutsa timadzi totchedwa ma enzyme, tomwe timadula unyolo wa phesilo pamfundo zake mpaka tizidutswa tichepe moti tizilomboto tingathe kumeza. Chotsala ndi madzi, mpweya wa kaboni ndi manyowa. Tizilomboti takhala tikudya masamba, nkhuni ndi ndowe kuyambira kalekale, ndiye tili ndi mipeni yoyenera zinthu zimenezo. Unyolo wa polyethylene ulibe mfundo zoterozo: ndi kaboni wogwirana ndi kaboni mnzake kuyambira uku mpaka uko, ndiponso madzi salowamo. Mpeni wa tizilombo umasowa podula. Dzuwa limatha kuufumbutsa jumbo mpaka kuthetheka, koma kuthetheka si kuwola. Tizidutswato timangocheperachepera n'kusakanikirana ndi dothi ndi madzi.

Ambiri sadziwa kuti mapulasitiki oyambirira anachokera ku zomera. Alexander Parkes anaonetsa wake ku London mu 1862, ndipo anamupanga kuchokera ku cellulose, ulusi womwe umalimbitsa thonje, nkhuni ndi mapesi. Mafuta anadzapambana pambuyo pake chifukwa anali otsika mtengo komanso ochuluka. Choncho zomwe zikuchitika lero ndi kubwerera kunjira yakale, koma ndi nzeru zatsopano.

Njira yapafupi kuimvetsa ndi ya sitachi, chifukwa mayi aliyense wophika nsima amaichita tsiku ndi tsiku. Sitachi ndi unyolo kale, wopangidwa ndi mbewu yokha, ndipo mikanda yake ndi shuga. Mbewu imausunga wopindapinda m'timibulu ting'onoting'ono. Mukautenthetsa m'madzi kufika madigiri 60 kapena 70, timibuluto timatupa n'kuphulika, maunyolo n'kumasuka, ndipo m'pamene phala limayamba kukhuthala. Mukamaliza kuomola nsima, onani kachikopa kopyapyala komwe kamauma m'mbali mwa poto, kowala ngati pepala. Kameneko ndi pulasitiki wa sitachi asanakonzedwe bwino. Vuto lake ndi loti kamathetheka mukangokapinda. Kuti kafewe, amathiramo gilisilini, yemweyu timadzola m'miyendo mu Juni khungu likayamba kung'ambika ndi chisanu. Gilisilini amalowa pakati pa maunyolo aja n'kuwachititsa kuterereka m'malo mothyoka.

Izi mwana wa sekondale atha kuyesa kunyumba. Supuni yaikulu imodzi ya sitachi wouma, masupuni 4 a madzi, supuni ya tiyi ya gilisilini ndi ina ya viniga, kutakasa pamoto wochepa mpaka zitakhala ngati phala loonekera, kupaka mopyapyala pambale n'kudikira masiku awiri kapena atatu. Chimene mudzamatula pambalepo chimapindika, chimakokeka pang'ono, ndipo mukachikwirira ponyowa chimatha. Ndikanakonda aphunzitsi a sayansi a kuno kumtunda atamachita zimenezi ndi ana, popeza zipangizo zonse zili pamsika.

Koma mukachiviika m'madzi mudzaonanso kufooka kwake. Sitachi amakonda madzi. Amamwa chinyontho cha mumpweya, amafewa nyengo yamvula, amauma gwa nyengo yotentha. Jumbo ya sitachi yekhayekha singapirire tomato wonyowa wa pa Tsangano Turn Off kukafika ku Blantyre. N'chifukwa chake mafakitale sapanga ndi sitachi yekha. Kampani ya Novamont ya ku Italy, yomwe imapanga pulasitiki wotchedwa Mater-Bi, imasakaniza sitachi ndi mapulasitiki ena otha kuwola kuti jumbo ilimbe ndi kupirira madzi. Chosakanizira chofala kwambiri m'majumbo otere ndi pulasitiki wotchedwa PBAT, ndipo PBAT amachokera ku mafuta, ngakhale amawola. Mfundo imeneyi tiisunge.

Njira yachiwiri ndi yomwe ikupanga zinthu zambiri pamsika wa dziko lonse, ndipo imayambira pa chinthu chomwe tonse tinalawapo: kusasa kwa chambiko, kapena kwa thobwa logona. Kusasako kumabwera ndi mabakiteriya omwe amadya shuga n'kutulutsa asidi wotchedwa lactic acid. Fakitale imatenga sitachi wa chimanga n'kumuphwanya kuti akhale shuga, kapena imatenga shuga wa nzimbe, n'kumuthira m'matanki akuluakulu momwe muli mabakiteriya amenewa. Asidi akatuluka amamuyeretsa, kumuchotsa madzi, mpaka timikanda take tigwirane tiwiritiwiri ngati mphete. Kenako pamoto waukulu amatsegula mphetezo n'kuzilumikiza kukhala unyolo wautali. Chotuluka chimatchedwa PLA. Chimaonekera ngati galasi, n'cholimba, ndipo amapangira makapu, timabokosi ta zakudya, masupuni ndi ulusi. Madokotala amagwiritsanso ntchito ulusi wa banja lomweli posoka mabala a mkati, womwe umasungunuka wokha m'thupi.

Wallace Carothers wa kampani ya DuPont anapanga PLA mu 1932, koma panapita zaka zambiri asanapezeke wotsika mtengo. Fakitale yaikulu ya NatureWorks ku Blair, m'chigawo cha Nebraska ku America, inatsegulidwa mu 2002 ndipo imatha kupanga matani 150,000 pachaka kuchokera ku chimanga. Ina ya TotalEnergies Corbion ku Rayong m'dziko la Thailand imatha kupanga matani 75,000 kuchokera ku nzimbe. Manambalawa akuoneka aakulu, koma mapulasitiki onse a gulu limeneli mukawaphatikiza safika ngakhale peresenti imodzi ya pulasitiki yense wopangidwa pachaka.

Palinso njira yachitatu. Mabakiteriya ena akapatsidwa shuga wambiri koma n'kumanidwa zakudya zina, amasunga chakudya m'thupi mwawo monga ife timasungira chimanga m'nkhokwe, ndipo chosungidwacho ndi pulasitiki. Maurice Lemoigne wa ku France anazitulukira cha m'ma 1926. Gulu limeneli limatchedwa PHA, ndipo ndi lomwe limawola bwino koposa, m'dothi ngakhalenso m'madzi, chifukwa tizilombo tambiri timalidziwa kale ngati chakudya. Chomwe chalibweza m'mbuyo ndi mtengo, popeza kulera mabakiteriya ndi kutulutsa pulasitikiyo m'matupi mwawo kumadya ndalama zambiri.

Tsopano tifike pomwe wogula amapusitsidwira. Mawu akuti "wochokera ku mbewu" ndi akuti "wowola" si amodzi. Ku Brazil, kampani ya Braskem yakhala ikupanga polyethylene kuchokera ku ethanol (mowa waukali ngati kachasu) wa nzimbe kuyambira 2010. Gwero lake ndi munda, inde, koma unyolo wake ndi womwewo wa jumbo wamba, wopanda podula, ndipo mbuzi ikameza imavutika chimodzimodzi. Mbali inayi, PBAT uja ndi wa mafuta koma amawola. Tizilombo sitifunsa komwe chinthu chachokera. Timangoona ngati unyolo wake uli ndi mfundo zomwe tingadule. Ndiye pali mtundu wina woipa kuposa yonse, jumbo wamba yothiridwa mankhwala oti izithetheka msanga padzuwa, yomwe amailemba kuti oxo-degradable. Imasowa m'maso, koma tizidutswa take timatsala m'nthaka, ndipo mayiko a European Union anailetsa kuyambira 2021. Jumbo zotere zimabwera zobiriwira, zojambulidwa tsamba kapena mtengo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ngakhale pulasitiki wowola weniweni, funso limatsalabe loti awolera kuti. PLA sawola m'munda ngati khoko la nthochi. Amafuna kaye kutentha ndi chinyontho kuti madzi ayambe kudula unyolo wake, kenako tizilombo timalize. Muyezo wa ku Ulaya wotchedwa EN 13432, womwe zinthu zambiri zolembedwa kuti compostable (zotha kusanduka manyowa) zimatsata, umafuna kuti chinthu chifumbutuke pa masabata 12 ndiponso maperesenti 90 akhale atadyedwa pa miyezi 6, koma kuyesako kumachitika pa madigiri pafupifupi 58. Kumeneko ndi kutentha kwa m'mafakitale a manyowa, komwe milu ya zinyalala imatembenuzidwa ndi makina ndipo kutentha kumayezedwa. Mulu wathu wa manyowa a changu ukaumbidwa bwino umatentha m'kati masiku oyambirira, mpaka kamtengo kozikamo kamatuluka kofunda, koma sukhala choncho kwa miyezi. Dothi la ku Dedza mu Julayi ndiye n'lozizira zedi. Kapu ya PLA yotayidwa m'mbali mwa msewu wa M1 ikhoza kukhala zaka ili yomweyo.

Pali kafukufuku yemwe anandithandiza kumvetsa izi. Imogen Napper ndi Richard Thompson a pa yunivesite ya Plymouth ku England anakwirira majumbo a mitundu yosiyanasiyana m'dothi, ena anawaika m'nyanja, ena anawasiya pamtunda, ndipo zotsatira anazifalitsa mu 2019. Patatha zaka 3, majumbo ena olembedwa kuti biodegradable (otha kuwola) anali akadatha kunyamula katundu wa kusitolo osang'ambika. Jumbo ya mtundu wa compostable inasungunuka m'nyanja pasanathe miyezi 3, koma m'dothi inapezeka ikadalipo patatha miyezi 27, ngakhale inali itafooka moti sinkathanso kunyamula kanthu. Zinyalala zathu kuno sizipita ku fakitale ya manyowa. Zimathera kudzala, kumtaya, m'ngalande kapena pamoto. Ndipo chowola chikakwiririka kumtaya kopanda mpweya, chimatulutsa methane, mpweya womwe umatenthetsa dziko kuposa wa kaboni.

Nkhani ina yomwe kwathu kuno sitingailumphe ndi ya chakudya. Kupanga kilogalamu imodzi ya PLA kumafuna shuga pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka kapena kuposerapo pang'ono. Ku Nebraska chimanga chimachuluka mpaka kudyetsa ng'ombe ndi kupangira mafuta a galimoto. Kuno mabanja ambiri amafika Januwale nkhokwe itapenya kumwamba. Ine sindingavomere kuti chimanga cha nsima chikhale makapu. Mbatatesi nayo masamu ake savuta: pafupifupi maperesenti 80 a mbatatesi ndi madzi, ndipo kuti mupeze kilogalamu imodzi ya sitachi mufunika makilogalamu 6 kapena 7. Mlimi wa ku Tsangano amene angagulitse kachewere wake wabwino kwa amalonda a ku Lilongwe sangamupereke pamtengo womwe fakitale ya sitachi ingakwanitse, ndipo sayenera kutero.

Mwayi wathu uli pa zotsala. Makoko a mbatatesi a paziwaya, sitachi wa m'madzi otsukira aja, mbatatesi yotemedwa ndi khasu pokumba, ndi ija yobiriwira chifukwa chowombedwa ndi dzuwa, yomwe si yabwino kudya koma sitachi wake alibe vuto popangira pulasitiki. Aliyense amene anadutsa pa Lizulu madzulo a tsiku la msika anaona milu ya zotsala zomwe zimangowolera pomwepo. Mapesi, zitsononkho ndi zotsala za nzimbe zili ndi cellulose, amene nayenso ndi unyolo wa shuga, kungoti kumuphwanya n'kovuta komanso kodula kuposa sitachi. Chinangwa cha ku Nkhotakota ndi Nkhata Bay chili ndi sitachi wochuluka kuposa mbatatesi. Ndipo luso lofufumitsa shuga m'matanki si lachilendo m'dziko muno: ku Dwangwa akhala akupanga ethanol kuchokera ku zotsala za shuga kuyambira 1982, ndipo ku Chikwawa kuli fakitale ina yotero.

Sindikufuna kupeputsa ntchitoyi. Zotsala zimakhala zomwazikana, pano pang'ono apo pang'ono, ndipo makoko sachedwa kuvunda, ndiye kutolera kokha ndi ntchito yofuna anthu ndi mayendedwe tsiku lililonse. Kutsuka sitachi kumafuna madzi ambiri, ndipo madzi otsalawo akatayidwa osakonzedwa mumtsinje ngati Linthipe amadyetsa mabakiteriya mpaka mpweya wa m'madzi kutha, nsomba n'kufa. Makina osungunula ndi kufufuma jumbo amafuna magetsi osazimazima, chifukwa akazima pakati phala limaumira m'makina. Zosakanizira ngati PBAT ziyenera kuitanitsidwa kunja ndi madola omwe akusowa kale. Pamapeto pake jumbo yowola imatuluka yodula kuposa wamba, pamene mayi wogulitsa anyezi phindu lake ndi lochepa moti kajumbo kakakwera mtengo kamamudyera phindulo.

Apa m'pamene lamulo limalowera. Malawi analetsa mapulasitiki opyapyala osafika mamayikuloni 60 m'chaka cha 2015. Mamayikuloni 60 ndi pafupifupi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Makampani opanga majumbo anathamangira kukhoti, nkhani inakokeka, mpaka mu Julayi 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti chiletsocho chipitirire. Gloria Majiga-Kamoto, mmodzi mwa omwe anamenya nkhondoyi ataona mbuzi za alimi zikufa ndi majumbo, analandira mphoto ya Goldman, yopatsidwa kwa oteteza chilengedwe, mu 2021. Pambuyo pake kukokanakokana m'makhoti kunapitirirabe, ndipo majumbo opyapyala sanasowe m'misika. Rwanda inaletsa mu 2008 ndipo Kenya mu 2017. Malinga jumbo yopyapyala ikupezeka pamtengo wa chabechabe, palibe amene angaike ndalama zake mu fakitale ya jumbo yowola. Pa Lizulu palinso chake chovuta, popeza msewu ndiwo malire: mbali iyi Malawi, mbali iyo Mozambique, ndipo katundu amaoloka ndi mapazi. Chiletso chikadzagwiradi ntchito, amalonda adzabweretsa majumbo olembedwa mawu okoma osiyanasiyana. Maganizo anga ndi oti bungwe la Malawi Bureau of Standards lizidzayesa jumbo iliyonse yotere m'dothi lathu, pa kutentha kwathu, lisanailole kunyamula dzina loti yowola.

Kodi pulasitiki wa mbewu angatithandize pati kwenikweni? Ine ndimaona pomwe chinthu chimathera m'nthaka mwa chikhalidwe chake, ndipo kuchitolera n'kosatheka. Chitsanzo chomwe chili pamtima panga ndi machubu ofesera mitengo. Dzinja lililonse timadzala mitengo m'mapiri a Dedza ndi Ntcheu, ndipo mbande iliyonse imabwera m'chubu chakuda cha polyethylene chomwe chimang'ambidwa n'kusiyidwa pambali pa dzenje. Chubu chowola chikhoza kudzalidwa pamodzi ndi mbande, mizu osasokonezeka. Koma chiyenera kupirira kuthiriridwa m'nazale kwa miyezi itatu kapena inayi chisanayambe kuphwasuka, kutanthauza kuti sitachi yekha sangakwanitse; pakufunika kusakaniza koyesedwa bwino. Imeneyi ndi ntchito yomwe ophunzira za nkhalango ku Chongoni ndi a zaulimi ku Bunda angaigwire pamodzi. Chimodzimodzi majumbo otolera zotsala za masamba pamsika, omwe angaponyedwe m'mulu wa manyowa pamodzi ndi zinyalalazo.

Pa tchipisi chotentha PLA siwoyenera, chifukwa amayamba kufewa pa madigiri 55 mpaka 60. Pepala loyera kapena mbale yotsuka zimagwira bwino. Pa mbatatesi, kabichi ndi nyemba za pamsika, dengu la nsungwi ndi thumba logwiritsa ntchito kambirimbiri zimaposa jumbo ya mtundu uliwonse. Agogo athu ankapita kumsika ndi dengu pamutu, zing'onozing'ono n'kumanga pakona ya chitenje, ndipo oluka madengu akadalipo m'midzi mwathu. Jumbo yowola nayo imadya munda, madzi, feteleza ndi magetsi kuti ipangidwe, ndiye kuigwiritsa ntchito mphindi 10 n'kuitaya ndi kuwononga ndithu.

Wina akadzakugulitsani jumbo n'kunena kuti imawola, muidule patatu. Chidutswa chimodzi muchiviike m'madzi otentha: ya sitachi wambiri imafewa n'kuyamba kuterera, pamene ya polyethylene sisintha. Chachiwiri muchiike pakati pa mulu wa manyowa pomwe mukuumba. Chachitatu muchikwirire kuya kwa chikhatho pakona ya munda mvula yoyamba ikagwa, muzikepo kamtengo, ndipo mudzafukule mu Epulo pokolola.